Nkhawa yosatha ili ndi khomo lake kuchipatala

Kugombe la nyanja ku Salima, kuyambira ku Chikombe kudzera ku Lifuwu ndi Senga Bay mpaka ku Chipoka, nkhawa si mlendo. Mwera ukayamba kukuntha mu June ndi July, mayi yemwe mwamuna wake walowa panyanja ndi chilimira sagona tulo mpaka atamva kuti boti lakocheza. Wogula usipa akauyanika pathandala, maso amakhala kumwamba kuopa mtambo. Mlimi wa mpunga ku Lifuwu amawerenga masiku a mvula, pomwe wageni pa Kamuzu Road amawerenga masiku obwezera ngongole kubanki mkhonde.

Nkhawa yotereyi ndi ya munthu aliyense wamoyo. Imabwera ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chikachoka nayonso imachoka. Boti likakocheza, mayi uja amausa moyo n'kutereka madzi osamba. Usipa ukauma n'kugulidwa, mtima umakhala m'malo.

Koma pali nkhawa ina imene sichoka ngakhale boti litakocheza. Ngongole yabwezedwa, ana ali bwino, nsima ilipo, koma mtima ukungogunda ngati kukubwera uthenga wa maliro. Munthu akagona tulo sitibwera, akadzuka amakhala wotopa kale. Khosi ndi mapewa zimauma, m'mimba mumatentha, manja amanjenjemera, kanthu kakang'ono kamamupsetsa mtima. Ena amagwidwa mwadzidzidzi: mtima kuthamanga, thukuta kamukamu, kubanika, chizungulire, mpaka kukhulupirira kuti akufa. Pakatha mphindi zingapo zimatha, koma mantha akuti zibweranso amatsala, ndipo munthu amayamba kupewa msika, minibasi, ngakhale kutchalitchi kapena kumzikiti.

Amenewa ndi matenda, ndipo ali ndi chithandizo. Vuto la mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja si kusafuna chithandizocho ayi. Amachifunafuna ndithu, ndipo amataya ndalama zambiri pochifuna. Vuto ndi lakuti amagogoda makomo ambirimbiri kusiya khomo loyenera, lomwe nthawi zambiri lili pafupi kuposa momwe amaganizira.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa, ndipo mwa anthu anayi alionse odwala, mmodzi yekha ndiye amalandira chithandizo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti boma la Salima lili ndi anthu oposa 478,000. Palibe chifukwa choganizira kuti matenda amene ali ponseponse padziko adalambalala Salima, makamaka poona zomwe anthu a kumeneku adutsamo zaka zapitazi: kolera wa 2022 ndi 2023, kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, komanso kukwera kwa madzi a nyanja mu 2024 komwe kudamiza nyumba ndi malo ogona alendo m'mbali mwa gombe.

Ulendo wa makomo olakwika

Ulendo wa wodwala nkhawa umafanana pafupifupi mudzi uliwonse. Mayi wageni akayamba kudandaula mutu, kuphwanya m'thupi ndi mtima kuthamanga, choyamba ndi kugolosale kukagula Panado. Zikakanika, amapita kukayezetsa malungo. Akapanda kupezeka nawo, amabwerera ndi mankhwala opha ululu. Sabata ziwiri zikatha amapitanso, mwina kuchipatala china cholipira, poganiza kuti koyamba kuja sadamuyeze bwino. Buku lake lakuchipatala limadzaza, koma matenda ali pomwepo.

Kunyumba nako mawu amakhala atayamba kusintha. Bambo amene poyamba ankaperekeza amayamba kunena kuti, "Amake mwana, mukungoganiza kwambiri inu, limbani mtima." Apongozi amanong'ona kuti ndi ulesi. Anzake a pageni amafunsa ngati palibe yemwe akumuchitira nsanje. Posakhalitsa banja limakwera kabaza kupita kwa sing'anga, mbuzi imagulitsidwa, ndipo dzina la mbale kapena mnansi limatchulidwa. Munthu amabwerako ndi mphini komanso mdani watsopano, nkhawa itawonjezeka.

Abambo ulendo wawo umakhala wina. Msodzi sanganene kwa anzake padoko kuti akuopa kulowa panyanja popanda chifukwa. Amakamwa kachasu kapena kusuta chamba kuti mtima ukhale pansi. Usiku umenewo zimaoneka ngati zathandiza, koma mowa ukatha m'thupi kunjenjemera ndi mantha zimabwerera ndi mphamvu kuposa kale, ndiye amamwanso. Matenda amodzi amasanduka awiri.

Kusokoneza nkhawa ndi malungo si nkhani yongopeka. Kafukufuku yemwe adatsogolera Dr Felix Kauye m'boma la Machinga, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2014, adaonetsa kuti ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono ataphunzitsidwa za matenda a m'maganizo, adayamba kupeza odwala ambiri a nkhawa ndi kukhumudwa, pomwe chiwerengero cha olembedwa kuti akudwala malungo chidatsika. Odwala anali omwewo, madandaulo anali omwewo. Chidasintha ndi mafunso amene ankafunsidwa.

Phunziro lake ndi la mbali ziwiri. Achipatala ayenera kufunsa, koma wodwala ndi omuperekeza ayeneranso kufotokoza zonse. Pamzere wa anthu oposa 100, dokotala ali ndi mphindi zochepa pa munthu aliyense. Akamva za mutu ndi kuphwanya m'thupi kokha, amathandiza mutu ndi kuphwanya m'thupi. Za kusowa tulo, za maganizo osatha ndi za mantha sangazilote.

Poyambira ndi thupi

Khomo loyamba loyenera ndi chipatala chapafupi, kaya ndi ku Lifuwu, Maganga, Khombedza, Chipoka kapena chipatala chachikulu cha boma la Salima. Kumeneko nkoyenera kuyamba ndi kuyeza thupi, chifukwa pali matenda ena amene amavala nkhope ya nkhawa. Kuchepa kwa magazi kumathamangitsa mtima ndi kubweretsa chizungulire. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola muyeso, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta ndipo amaonda. Shuga akatsika kwambiri, zizindikiro zake zimafanana ndi mantha adzidzidzi. Matenda a mtima, mphumu, mankhwala ena, ngakhale kumwa kwambiri khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zopatsa mphamvu, zonsezi zikhoza kuchititsa zofanana.

Choncho wodwala akayezedwa malungo, magazi, BP ndi shuga, nthawi siinatayike. Koma zonse zikapezeka kuti zili bwino, mawu akuti "simukudwala" asakhale mapeto a ulendo. Tanthauzo lake ndi lakuti matenda sali m'magazi, ndipo nthawi yakwana yogogoda khomo lachiwiri.

Apa ndi pomwe mabanja ambiri amabwerera, chifukwa sadziwa dzina la munthu woti amufunse. Zipatala za maboma m'dziko muno zimakhala ndi anamwino kapena ma clinical officer amene adaphunzira mwapadera za matenda a m'maganizo. Ambiri mwa iwo adaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Zomba kapena ku St John of God College of Health Sciences ku Mzuzu. Amaona odwala ongobwera n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo, ndipo m'zipatala za boma chithandizo chake ndi chaulere. Wodwala ali ndi ufulu wopempha kuti atumizidwe kwa iwo.

Kafotokozedwe nako n'kofunika. Mayi wageni uja akadalowa n'kunena kuti, "Adokotala, malungo andiyeza katatu osawapeza. Papita miyezi inayi ndisakugona bwino, mtima umangothamanga, maganizo sakundichoka ndipo geni ndasiya. Ndikupempha kuonana ndi anamwino oona za matenda a m'maganizo," ulendo wake ukadafupika ndi miyezi ingapo. Zofunika kutchula ndi zinayi: pomwe vuto lidayambira, momwe limabwerera, zomwe lalepheretsa pamoyo wa tsiku ndi tsiku, ndi zonse zomwe munthu wakhala akumwa, kuphatikizapo mowa, chamba ndi mankhwala azitsamba.

Akatswiri amati nkhawa yosatha ndi imene yakhala ikuvutitsa munthu masiku ambiri kwa miyezi 6 kapena kuposerapo. Koma muyeso umenewu ndi wa madokotala potchula dzina la matenda, si lamulo lakuti munthu adikire miyezi 6 asanapite kuchipatala. Muyeso wa banja ndi wapafupi: ngati nkhawa yalanda tulo, yaimitsa ntchito, yabweza mwana kusukulu kapena yayamba kugwedeza banja kwa masabata angapo, nthawi yopita yakwana.

Mantha a ku Zomba

Chimene chimabweza anthu ambiri pakhomo limeneli ndi dzina limodzi: Zomba. Munthu akamva zoti akaonane ndi a matenda a m'maganizo, amaganiza kuti amuyesa wamisala ndipo akamutsekera. Mantha amenewa ali ndi mbiri yake. Kuyambira mu 1910, boma la atsamunda linkasunga odwala misala m'chigawo china cha ndende ya Zomba, ndipo chipatala cha Zomba Mental chidatsegulidwa mu 1953. Lamulo la 1948 loona za odwalawa, lomwe lidagwira ntchito zaka zoposa 70, linkalankhula kwambiri za kusunga ndi kutsekera. Si zodabwitsa kuti m'maganizo a anthu, chipatala cha matenda a m'maganizo ndi ndende zidakhala pachibale.

Koma wodwala nkhawa si wamisala. Amadziwa dzina lake, amadziwa tsiku, amazindikira kuti mantha ake apyola muyeso, ndipo chimenecho ndicho chimamuzunza kwambiri. Ambiri mwa odwala otere safunika kugonekedwa m'chipatala n'komwe. Amathandizidwa akuchokera kunyumba, akupitiriza geni ndi ulimi wawo. Amene vuto lawo lakula angatumizidwe ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima, komwe kuli madokotala aakulu komanso chipatala cha St John of God, bungwe lomwe lidayamba ntchito yake ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990. Koma oterewa ndi ochepa.

Chithandizo chenicheni n'chotani?

Chithandizo cha nkhawa chili pawiri: uphungu ndi mankhwala. Ena amachira ndi uphungu wokha, ena amafunika zonse ziwiri.

Uphungu womwe ukunenedwa pano si kungouzidwa kuti "musamadandaule". Ndi ntchito ya ndondomeko, yokumana kangapo ndi munthu wophunzitsidwa. Wodwala amaphunzira kugwira ganizo lomwe lamuopsa n'kuliyesa ngati lili loona. Amaphunzira kupuma pang'onopang'ono mtima ukayamba kuthamanga. Amaphunzira kubwerera pang'onopang'ono kumalo omwe ankawathawa, lero pakhomo la msika, mawa mkati, mpaka thupi litazolowera kuti palibe choopsa. Amathandizidwanso kundandalika mavuto ake, kusankhapo limodzi lomwe angalithe, kukonza chochita, n'kubweranso kudzafotokoza momwe zayendera.

Njira yomalizayi idayesedwa bwino ku Zimbabwe. Mu 2006, Dr Dixon Chibanda adayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare mumzinda wa Harare kuti azikhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumacheza ndi anthu ovutika ndi maganizo. Ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench. Kafukufuku wa anthu 573 yemwe adasindikizidwa mu 2016 adapeza kuti patatha miyezi 6, mwa anthu 100 alionse omwe adakhala pabenchipo, pafupifupi 12 okha ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za nkhawa, pomwe mwa omwe adalandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi 48. Agogowo sadali madokotala. Anali anthu wamba ophunzitsidwa bwino ndi kuyang'aniridwa ndi akatswiri.

Kumbali ya mankhwala, alipo monga fluoxetine, omwe amathandizanso matenda okhumudwa. Mankhwalawa sagwira ntchito ngati Panado. Amatenga masabata awiri mpaka 6 kuti munthu ayambe kumva kusintha, ndipo masiku oyamba ena amamva nseru kapena kusakhazikika. Apa ndi pomwe ambiri amawataya n'kunena kuti sakuthandiza. Ena akangomva bwino amasiya okha, matenda n'kubwerera. Lamulo lake ndi lakuti oyambitsa ndi achipatala, osintha ndi achipatala, osiyitsanso ndi achipatala. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, komanso yemwe akumwa ma ARV, mankhwala a TB kapena a BP, anene msanga kuti dokotala asankhe moyenera.

Chenjezo lalikulu lili pa diazepam ndi mankhwala ena ogonetsa. Amakhazika mtima pansi msanga, n'chifukwa chake anthu amawakonda ndipo ena amawagula mwamseri. Koma thupi limawazolowera, limafuna ochuluka, ndipo kuwasiya kumadzakhala matenda ena. Malangizo a WHO a 2023 akuti mankhwala a mtundu umenewu asagwiritsidwe ntchito pochiza nkhawa yosatha, kupatula pangozi komanso kwa masiku ochepa kwambiri, osapitirira sabata. Akaphatikizana ndi mowa akhoza kupha. Kwa msodzi yemwe akagwire usiku wonse pamadzi, kapena wakabaza wanjinga yamoto pamsewu wa Senga Bay, mankhwala obweretsa tulo ndi ngozi pawokha.

Kusiyanitsa katswiri ndi wongofuna ndalama

Masiku ano aliyense akhoza kulemba chikwangwani kapena kulengeza pa Facebook ndi WhatsApp kuti ndi phungu kapena ali ndi mankhwala othetsa maganizo. Banja liyenera kukhala tcheru. Madokotala ndi ma clinical officer amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, anamwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi, pomwe ogulitsa mankhwala amayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Kufunsa munthu komwe adaphunzira ndi komwe adalembetsa si mwano.

Wothandiza weniweni amadziwika ndi ntchito zake. Amamvetsera asanalembe. Amafunsa za tulo, za kudya, za mowa, za kunyumba, ndiponso ngati munthu adaganizapo zodzipha. Amafotokoza dzina la vuto ndi zomwe zichitike. Amapereka tsiku lobweranso. Amasunga chinsinsi. Zikamukulira amatumiza wodwala kwa wina. Koma amene akulonjeza kuchiza tsiku limodzi, amene akufuna ndalama zambiri asanamve n'komwe vuto, amene akuletsa wodwala kupita kuchipatala kapena kumuuza kuti ataye mankhwala, ameneyo ndi chikomekome cha mkuyu.

Zimachitikanso kuti munthu wafika pakhomo loyenera koma sadalandiridwe bwino, kapena wamwa mankhwala miyezi iwiri osaona kusintha. Kumeneko si kulephera kwa wodwala, ndipo si umboni wakuti matendawa ndi amatsenga. Abwerere akanene, mankhwala akhoza kusinthidwa. Akhoza kupempha kuonana ndi wina. Wodwala BP sasiya chipatala chifukwa mapiritsi oyamba sadamuyanje.

Malo a mpingo, mzikiti ndi achibale

Anthu a ku Salima ndi opemphera, Akhristu ndi Asilamu omwe, ndipo ambiri akavutika mumtima amayamba kwa abusa, ansembe kapena mashehe. Palibe cholakwika pamenepo. Pemphero limatonthoza, ndipo gulu la opemphera limachotsa munthu paumodzi. Cholakwika chimabwera pomwe wodwala akuuzidwa kuti nkhawa yake ndi umboni wa chikhulupiriro chochepa. Mawu otere amamusenzetsa katundu wachiwiri pamwamba pa woyamba. Mtsogoleri wachipembedzo wanzeru amapempherera munthu wothyoka mwendo kenaka n'kumutumiza kukamangitsa. Achite chimodzimodzi ndi wodwala nkhawa.

Asing'anga nawo amaona odwala ambiri otere. Amene ali ndi chilungamo amadziwa pomwe nzeru zawo zathera ndipo amatumiza anthu kuchipatala, monga momwe ambiri adaphunzirira kuchita pa TB ndi Edzi. Koma kuloza chala mbale kuti ndiye walodza sikudachizepo nkhawa ya munthu. Kumangophwasula mudzi.

Udindo waukulu uli pabanja. Mwamuna aperekeze mkazi wake, mkazi aperekeze mwamuna wake, amalume aperekeze mphwawo. Woperekeza amakumbutsa zomwe wodwala waiwala kunena, amasunga tsiku lobwerera, amaonetsetsa kuti ndalama yoyendera yapezeka. Kuchokera ku Senga Bay kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo ulendo wobwerezabwereza umadya ndalama. Komabe maulendo asanu opita kukhomo loyenera ndi otchipa kuyerekeza ndi mbuzi, maukonde ndi mpamba wa geni zomwe zimathera kumakomo olakwika.

Kunyumba, mawu akuti "ingosiyani kuganiza" ndi osathandiza, chifukwa wodwala akadatha kusiya akadasiya kale. Chothandiza ndi kumumvetsera, kumulimbikitsa kugona ndi kudzuka nthawi yofanana, kuyenda naye, kuchepetsa mowa pakhomo, ndi kusamulanda ntchito zonse ngati kuti watha. Ana asukulu asaiwalidwe. Mtsikana yemwe m'mimba mumamupweteka m'mawa uliwonse wa sukulu, kapena mnyamata yemwe wayamba kudzitsekera m'nyumba mayeso a Fomu 4 akuyandikira, mwina sakuchita ulesi.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira kuti kuche. Munthu akanena kuti watopa ndi moyo, akayamba kutsanzika kapena kugawa katundu wake, akasiya kudya, kapena akayamba kumva mawu omwe ena sakuwamva, atengeredwe kuchipatala tsiku lomwelo ndipo asasiyidwe yekha. Mankhwala a m'munda, a mbozi ndi a makoswe achotsedwe pafupi. Kumufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa ganizolo, koma kumamutsegulira mpata wolankhula. Chimodzimodzinso kupweteka kwambiri pachifuwa, makamaka kwa munthu wachikulire kapena wa BP: kusangoganiziridwa kuti ndi nkhawa asanayezedwe.

Salima si mlendo pankhaniyi

Boma la Salima lidalawako kale zomwe zimatheka. Cha mu 2014, lidali limodzi mwa maboma atatu, pamodzi ndi Lilongwe ndi Mchinji, momwe bungwe la Farm Radio International, mothandizana ndi Dr Stan Kutcher wa ku Canada ndi Unduna wa Zaumoyo, lidaphunzitsa aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'zipatala kuzindikira matenda okhumudwa pakati pa achinyamata. Pulogalamu ya pawailesi yotchedwa Nkhawa Njee idachititsa achinyamata kulankhula poyera nkhani zomwe kale zinkanong'onedwa.

Kuyambira mu 2019, chipatala cha boma la Salima chidalinso pakati pa zipatala 10 momwe kafukufuku wotchedwa SHARP adayesa kufunsa odwala shuga ndi BP mafunso ochepa okhudza maganizo awo, n'kupereka mankhwala kapena uphungu wa njira ya Friendship Bench kwa opezeka ndi vuto. Ntchito ziwirizi zinkalunjika pa kukhumudwa, koma nkhawa ndi kukhumudwa nthawi zambiri zimayendera limodzi, ndipo luso lofunika ndi lofanana.

Vuto la ntchito zotere ndi lakuti zimabwera ndi ndalama za abwenzi akunja, ndipo nthawi yake ikatha zambiri zimazirala. Ophunzitsidwa amasamutsidwa, mabenchi amatsala opanda okhalapo. Khonsolo ya Salima ndi akuluakulu a zaumoyo m'bomali asalole kuti luso limeneli lipite ndi mapulojekiti. Zofunika kuchita si zodula kwambiri.

Choyamba, pachipatala chilichonse chaching'ono pakhale chikwangwani cha Chichewa ndi Chiyao chonena tsiku lomwe oona za matenda a m'maganizo amapezeka, ndipo tsikulo lizisungidwa. Galimoto yopita kumidzi ndi katemera kapena ma ARV ikhoza kunyamulanso namwino ameneyu. Chachiwiri, mankhwala asamasowe, chifukwa wodwala yemwe wayenda kuchokera ku Chikombe n'kubwerera chimanjamanja kawiri sabweranso kachitatu. Chachitatu, alangizi a zaumoyo a m'midzi, omwe amadziwa khomo lililonse, aphunzitsidwe kuzindikira nkhawa monga momwe amazindikirira chifuwa ndi kunyentchera.

Chachinayi, uthenga upite komwe kuli anthu, makamaka abambo omwe sapondako kuchipatala. Makomiti a m'madoko amakumana kawirikawiri. Chaka chilichonse, Mfumu Yaikulu Makanjira imatseka usodzi pachilumba cha Mbenji mu December n'kutsegula mu April, ndipo mwambo wotsegulira umasonkhanitsa asodzi ambirimbiri. Ufumu umene udatha kuletsa mowa ndi chamba pachilumbapo n'kumveredwa kwa zaka zambiri, ukhoza kuuzanso asodzi kuti mwamuna wopita kuchipatala chifukwa cha maganizo si wamantha. Tsiku la 10 October, lomwe dziko lonse limakumbukira umoyo wa m'maganizo, lisamathere m'mahotela a ku Senga Bay pomwe padoko loyandikana nawo palibe yemwe wamva kanthu.

Koma ngakhale zonsezi zisanachitike, banja lomwe lili ndi wodwala lero lisadikire. Litenge buku lakuchipatala, lipite, lifotokoze zonse, lifunse dzina la woona za matenda a m'maganizo ndi tsiku lomwe amapezeka, ndipo libwerere pa tsiku lomwe lapatsidwa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja agulitsa mbuzi ndi maukonde pofunafuna chithandizo kutali, pomwe munthu woti awathandize anali m'chipinda china cha chipatala chomwe adapitako kale katatu.